Ndodo Ikakana, Tibwerere

A dokotala wamkulu, a meya, bambo wansembe, tanti Parasca, mayi athu, akazi a mwini phwando, pamodzi ndi ana ndi adzukulu, anzanga a pachipatala pano, ndi inu nonse amene mwatsatira fungo la kabichi wokulungira nyama, ndakulonjerani. Nea Ilarie, achimwene athu amene mukupuma pantchito lero, inu ndikulonjerani pomaliza. Kudikira munazolowera.

Ndiyambe ndi kukonza bodza, chifukwa lanenedwa kawiri masana ano. A meya ati pa zaka 38 zimene Nea Ilarie ayendetsa galimoto ya odwala m'mapiri muno, sanabwererepo panjira. A dokotala wamkulu abwereza zomwezo, n'kuwonjezera kuti ndi munthu wosadziwa mantha. Inu mwaomba m'manja. Si zoona. Ine ndakhala pampando wa pambali pawo zaka makumi atatu, chikwama cha mankhwala chili pamiyendo. Bambo awa abwerera panjira kambirimbiri. Mantha amawadziwa bwino kuposa mmene a meya amadziwira maenje a m'misewu yawo. Ndipo nonse muno, kupatula a dokotala amene angofika chaka chatha, mukudziwa dzina limene mumawatchula akangotuluka pakhomo. Nea Tibwerere. Musayang'ane m'mbale. Ndi ana a sukulu omwe amalidziwa. Dzina limenelo ndinawapatsa ndine, ndipo ndifikako.

Amene simundidziwa, ndine Veturia, namwino. Ndikanakhala dokotala. Ndinaphunzira udokotala zaka zinayi kumzinda wa Cluj, ndinasiya ndekha, palibe amene anandithamangitsa. Ndazitchula chifukwa zibweranso kutsogoloku.

Tiyambe ndi zoseketsa, poti n'zimene mukudikira.

Bambo awa sanabadwe ochenjera. Funsani tanti Parasca, anandiuza ndi iwowo kalekale, tikadalankhulana. Chaka chawo choyamba pantchito, 1986, anali mnyamata wa ndevu zitatu, atangochoka ku usilikali, akuganiza kuti galimoto yokoka ndi matayala onse anayi imauluka. Anawapatsa galimoto ija tinkaitcha Nkhalamba. Achikulire mukuikumbukira, yobiriwira ija, imene chitseko chake tinkamanga ndi lamba. Mmawa wina wa Januwale akukwera kupita kumudzi wa Runc, anapeza chipale, madzi ouma oyera aja ogwa nyengo yozizira, chitaunjikana mumsewu, pafupi ndi geti la bambo ake a Parasca. Wanzeru akanatsika n'kuyang'ana. Iwo anayang'ana, koma pawindo la nyumbayo. Panali mtsikana. Anaponda moto.

Nkhalamba inalowa mamita asanu, n'kukhala pamimba ngati nkhumba yokhuta. Iwo osasiya. Anapondabe. Matayala anakumba, anakumba, anasalaza chipale chija mpaka chinasanduka galasi, kenako onse anayi ankangozungulira m'malere. Mtsikana akuonerera. Kutsika kukagogoda kuti mundithandize, manyazi. Anangotseka mawindo, n'kusiya injini ikulira kuti amve kutentha, akudikira kuti mtsikanayo achoke pawindo. Tanti Parasca sanachoke. Kunalibe china choonera.

Chimene sanadziwe n'choti chipale chinali chitatseka paipi ya utsi. Utsi ukasowa kotulukira umalowa mkati, ndipo suchenjeza. Sutsokomola, sumva fungo, umangomva tulo tokoma. Masana, bambo a Parasca akupita kukadyetsa nkhosa, anasuzumira n'kupeza msilikali wathu atatsamira chiwongolero. Anawakoka ndi kolala, kuwagwetsa pansi, kuwatikita chipale kumaso, makofi awiri. Atatsegula maso, mawu oyamba amene anamva kwa apongozi awo a m'tsogolo anali akuti, "Iwe, ngati ukufuna kufa, kafere pageti la munthu wina."

Mbewa ya manyazi inafera kudzenje. Iyi inapulumuka, n'kukwatira pomwepo.

Mahatchi awiri atatulutsa Nkhalamba, mkulu uja anatenga ndodo yake yoweta nkhosa. Anaiimika pambali pa galimoto, anayeza pamene pali mimba yake, n'kusema pandodopo ndi mpeni. Anati, "Usanalowe, tsika, yenda, baya. Chipale chikapitirira pamene ndasemapa, galimotoyo si yakonso."

Ndodo yake ndi imene yatsamira kukhoma iyo. Abwera nayo ndi kuphwando komwe. Tanti Parasca amati pa ukwati wa mwana wawo wamkazi anachita kuwalanda pakhomo pa tchalitchi.

Ine ndinafika kuno mu 1994, nditavala nsapato za m'tauni. Tsiku langa loyamba, munthu ameneyu anaima kasanu ndi kawiri pa ulendo wa makilomita khumi ndi awiri. Akatsika, akayenda patsogolo pa galimoto ngati akufuna singano, akabaya apa, akabaya apo, akayang'ana ndodo, akabwera. Ndinafunsa kuti, "Kodi bambo, dalaivala ndinu kapena ndodoyo?" Anandiyankha kuti, "Ndodoyo, a dokotala. Ine ndimangoigwirira chiwongolero." Anadziwa bwino kuti si ine dokotala. Pachipatala chonse chino ndi iwo okha amene amanditchula choncho, ndipo mpaka lero sindikudziwa ngati kumeneko n'kulemekeza kapena kunyoza.

Amene munakwerapo nawo mukudziwa zotsala. Mumalowa m'galimoto, chimakulandirani ndi anyezi. Anyezi wamuwisi ndi mafuta a nkhumba oumika pautsi, zokulungidwa m'nyuzipepala, pansi pa mpando, chaka chonse. Azimayi oyembekezera atitukwana kokwanira chifukwa cha fungo limenelo. Pambali pake chitini cha nsomba chopanda nsomba, mkati muli kandulo. Ndinaiseka kandulo imeneyo mpaka tsiku limene mphepo inatitsekera pamwamba pa phiri kuyambira mmawa mpaka madzulo, osaona ndi mphuno ya galimoto yomwe. Ine ndinkafuna kutsika ndiziyenda wapansi, poti mudzi unali pafupi. Anati, "Pitani, tidzakupezani mu Epulo." Ndinakhala. Anazimitsa injini, anayatsa kandulo, anatsegula windo pang'ono ngati chala. Ola lililonse ankatuluka ndi fosholo kukafukula paipi ya utsi asanalize injini kwa mphindi khumi. Anyezi uja ndinadya. Ndinapemphanso wina.

Mafuta a galimoto akafika theka, kwa iwo ndiye kuti atha. Asananyamuke amauza wa pawayilesi njira imene adzere ndi nthawi imene abwerere, ngakhale akupita kukagula buledi. Akafika pa chipale chakuya amaphwetsako matayala kuti aponde motambalala, ndipo matcheni amamanga kumatayala asanatitimire, osati atatitimira kale ngati ena ndikuwaona munowa. Pokwera phiri saima, ngakhale bambo wansembe akukweza dzanja kuti awatenge. Pepani bambo, munayenda wapansi tsiku lija chifukwa akanaima, galimoto sikananyamukanso. Potsika amayenda ndi giya yaing'ono, phazi kutali ndi mabuleki, ngati anyamula mazira a mwini. Ndinawerengapo nkhuku imene inatipitirira.

Ndipo anthu a m'tauni awakoka angati? Chaka chilichonse Khirisimasi ikayandikira amabwera, magalimoto akuda onyezimira, aatali ngati nyumba. Wina, loya wa ku Bucharest, tinamupeza ali m'ngalande kumunsi kwa tchalitchi chakale, atavala chijasi chofika m'mapazi. Anati, "Sindikumvetsa. Galimoto imeneyi imakoka ndi matayala onse anayi." Nea Ilarie anazungulira, anayang'ana, n'kuti, "Zoona bwana. Onse anayi ali m'ngalande." Kenako anamuvula chijasi chija n'kuchiyanika pakati pa chingwe chokokera, kuti chingwe chikaduka chigwe pansi, chisadule munthu miyendo. Loyayo anamuimika kuseri kwa mtengo ngati mwana wolakwa. Potsanzikana anamuuza kuti, "Matayala anayi amathandiza kunyamuka, bwana. Poima, yanu ndi ngolo ya agogo anga n'chimodzimodzi."

Mwaseka. Chabwino. Tsopano ikani mafoloko pansi.

Linali Lachiwiri, pa 11 Febuluwale 2003. Kunagwa chipale masiku atatu ndi mphepo yamphamvu, ndipo mmawa umenewo kunacha bwino, dzuwa lili phwee. Itangokwana naini koloko foni inalira. Ku Runc, Onisim Hotea, mmisiri wa matabwa, zaka 54. Ambiri muno mumakhala pamipando imene anakhoma iyeyo. Chifuwa chamuthina, thukuta, dzanja lamanzere lachita dzanzi. Simufunika zaka zinayi za ku Cluj kuti mudziwe chimenecho. Unali mtima. Ndipo mtima ukayamba choncho, mphindi iliyonse imadya kachidutswa kake.

Njira zopita ku Runc zinali ziwiri. Msewu waukulu wozungulira phiri, umene nyengo imeneyo unkatenga maola awiri ndi theka, mbali yomaliza pachileyi cha hatchi. Ndi kanjira ka odula mitengo, kodutsa m'chigwa cha Izvor, kowoloka pamlatho wa mitengo. Kuchokera pamlathopo kufika pakhomo pa Onisim ndi mphindi khumi ndi zisanu. Ndinati tidzere ku Izvor. Nea Ilarie anati tiyese.

Tinayenda bwino mpaka pamene kanjirako kamatsetsereka kulowera kumtsinje. Pamenepo mphepo inali itasesera chipale chonse cha m'phiri. Chigwa chinadzaza, choyera, chosalala ngati nsalu ya patebulo. Tsidya lina tinkaliona, msewu uli mbee, mphepo itaupukuta. Utsi wa m'nyumba za ku Runc tinkauona. Anaima. Anatsika. Anayenda masitepe khumi, anabaya. Ndodo inapitirira posema paja. Anayenda ena asanu, chipale chinawafika m'chiuno, anabaya, ndodo inalowa yonse mpaka dzanja. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana kumunsi. Kenako anabwera.

Anati, "Ndodo yakana. Tibwerere."

Ndinati, "Mukuti chiyani? Ndi potsetsereka apa. Chipalechi n'chofewa ngati ufa. Bwererani m'mbuyo pang'ono, muthamange, Nkhalamba iboola. Mamita zana okha, tili pamlatho."

Anati, "Mitu ya mizati ya mlatho sindikuiona."

Ndinati, "Yakwiririka! Chilichonse chakwiririka, simukuona?"

Anati, "Mwina."

Apa ndipamene Cluj ikubwerera. Ndinena mawu anga mmene ndinawanenera, chifukwa ndawasunga bwino. Ndinati, "Ine ndinaphunzira mtima wa munthu zaka zinayi. Inu munaphunzira chiyani? Ndodo ya nkhosa? Munthu akufa uko, inu mukuopa kunyowetsa buluku."

Anandiyang'ana. Tsiku limenelo sananditchule dokotala. Anati, "Mtima mumaudziwa ndinu, Veturia. Msewu ndi wanga."

Ndinalumphira pampando wa dalaivala. Inde, ine. Ndinali ndisanayendetsepo galimoto yoposa ya bambo anga, koma ndinati ndiboola ndekha. Anapisa dzanja pawindo, anazula kiyi, n'kuiponya m'nsapato yawo ya jombo. Kenako anatenga fosholo n'kuyamba kufukula malo otembenukira. Anafukula okha. Ine ndinakhala m'galimoto manja nditapinda, ndikuwerenga mphindi mokweza kuti azimva.

Tinazungulira phiri. Mbali yomaliza tinakwera chileyi. Tinafika pakhomo pa Onisim itatsala pang'ono kukwana wani koloko, ndipo iye anali atamwalira mphindi makumi anayi zapitazo. Mkazi wake, Floarea, anatuluka opanda mpango kumutu. Pabwalo panali podzaza anthu oyandikana nawo. Floarea anandigwira malaya n'kufunsa kuti, "Munali kuti? Tinamva galimoto ku Izvor nthawi ya teni. Munali kuti?"

Ndikanatha kukhala chete. Ndikanatha kunena kuti msewu unatsekeka. Ine ndinaloza munthu amene ankamasula chikwama changa pachileyi, n'kunena mokweza kuti, "Funsani Nea Tibwerere awo."

Dzina linabadwa choncho, pabwalo la maliro.

Sindinalekere pomwepo. Mawa lake ndinalemba kalata ku ofesi ya kuboma, masamba atatu, ndipo kulemba ndimatha. Ndinati dalaivala anakana lamulo la wachipatala, anachita mantha pa chipale chofewa, ndipo wodwala anafa. Anawadzudzula molemba. Anawachotsa pagalimoto ya odwala miyezi isanu ndi umodzi, azinyamula nkhuni ndi katemera. Pamene ankasankha mkulu wa madalaivala, kawiri konse, anatsegula failo yawo, anapeza kalata yanga, anasankha wina. Ku Runc anthu ankatembenuka akawaona. Abale a Onisim mpaka lero sawapatsa moni. Tanti Parasca anasiya kupita kumsika wa Lachinayi chaka chathunthu, chifukwa mayi wina analavula malovu pafupi ndi dengu lawo. Mwana wawo Sânziana, uyo wanyamula khandayo, anamenyana kusukulu chifukwa cha dzina limenelo, anabwera kuno ndi mlomo wong'ambika. Ndinamusoka ndine. Sindinafunse chimene anamenyanirana. Ndinkachidziwa.

Tsopano imvani mbali imene simukuidziwa.

Mu Epulo chaka chomwecho, chipale chitasungunuka, anatituma awiri kukapereka katemera ku Runc. Kunalibe namwino wina. Tinali tisanalankhulane miyezi iwiri. Anadzera njira ya ku Izvor, ndipo sindinafunse chifukwa chake. Atafika potsetsereka paja anaima, pamalo omwe aja, anazimitsa injini, n'kutulutsa anyezi wawo. Ine ndinatsika ndekha.

Mlatho panalibe. Panali mitengo iwiri yothyoka italendewera tsidya lina, basi. Pansi, mamita khumi ndi awiri, miyala ndi madzi. Chimene ndinkati nsalu ya patebulo chinali chipale chimene mphepo inayala pamwamba pa phompho, ngati chivundikiro cha mphika. Pamenepo ndi pamene ndinkati tithamange tiboole.

Ndinabwerera m'galimoto. Ndinkadikira kuti anene kuti anali olondola. Aliyense akananena. Ine ndikanakhala iwo ndikanaitanitsa gulu la oimba. Iwo anapukuta mpeni pabondo n'kuti, "Tizungulire, a dokotala, katemera angatenthe."

Mukuganiza ndinachita chiyani? Ndinapita kwa woyang'anira nkhalango, mkulu wina amene anamwalira kale. Ndinamufunsa kuti mlatho wa pa Izvor unapita liti. Ndinkapemphera mumtima kuti anene Malichi. Akanati unakokoloka ndi madzi a chipale chosungunuka, ndiye kuti mu Febuluwale unalipo, ndiye kuti ndinkanena zoona, ndiye kuti kalata yanga iima. Anatsegula buku lake, anandiwerengera tsiku. Ndinathokoza, ndinatuluka. Mu Meyi odula mitengo anamanga mlatho wina, ndipo palibe amene anagwirizanitsa nkhani ziwirizi. Amene akanazigwirizanitsa ndi ine. Ndinatseka pakamwa. Inu mumandidziwa kuti pakamwa panga sipatsekeka, koma pa nkhani imeneyi panatsekeka zaka makumi awiri ndi chimodzi.

Chifukwa chake n'chachifupi. Ndinali nditalephera kale kamodzi pamaso pa anthu, pamene ndinabwera kuchokera ku Cluj ndi sutikesi yopanda pepala. Sindinafune kulephera kachiwiri, makamaka kwa munthu wa ndodo. Chifukwa chake ndi chimenecho, ndipo n'chonunkha kuposa anyezi wawo.

Patapita zaka khumi ndinawafunsa. Tinali titakhala m'galimoto, tikudikira kuti galimoto yosesa msewu idutse. Ndinati, "Nea Ilarie, bwanji simunauze anthu za mlatho uja?" Anati, "Ndikanawauza chiyani? Kuti ndinadziwa? Sindinadziwe. Mizati sindinaione, ndodo inakana, basi. Mlathowo ukanakhalapo ndikanabwererabe." Ndinati, "Komabe dzina lanu likanayera." Anatafuna, anameza, n'kuti, "Onisim sakanadzuka. Ndipo kalata munalemba ndinu, a dokotala. Wofufuta akhale yemweyo."

Anandidikira. Ndinakuuzani poyamba kuti kudikira anazolowera.

Wina afunsa mumtima kuti, nanga mukanafika msanga, Onisim akanachira? Sindikudziwa. Mwina inde, mwina ayi. Funso limenelo ndagona nalo nthawi yaitali kuposa aliyense muno, kupatula Floarea. Chimene ndikudziwa n'choti panjira ya ku Izvor sitikanafika msanga. Sitikanafika n'komwe. Maliro akanakhala atatu, ndipo anthu a ku Runc akanakhala opanda galimoto ya odwala mpaka chilimwe. Ana onse amene Nkhalamba ndi zinzake zinatsitsa m'phirimo kuyambira chaka chimenecho, ena mwakhala munomo mukudya keke, muziwerenge nokha.

Mmawa uno ndapereka kalata ina kwa a dokotala wamkulu. Ndawapempha kuti aiike mu failo ya Nea Ilarie pamwamba pa yakale ija, failoyo isanatsekedwe. Ina yofanana nayo ndakaisiya ndekha ku Runc dzulo, m'manja mwa Floarea. Anaiwerenga ataima pakhomo. Sanandilowetse m'nyumba, ndipo sindinayembekezere kuti atero. Ndikudziwa kuti pepala silibweza udindo umene anawamana kawiri, kapena chaka chimene tanti Parasca anagula mchere kudzera mwa anansi. Amati mawu a akulu amakoma akagonera. Awa agonera mpaka achita nkhungu, ndipo amene anawagoneka ndine.

Tanti Parasca, zaka zonsezi moni wanu kwa ine sunapitirire mawu awiri. Munali ndi chifukwa. Pepani. Sindikupempha kuti muwonjezere lachitatu.

Nea Ilarie, ndilakwa ndikapanda kukuyang'anani. Ndinakunamizirani. Munali olondola, ine ndinali wolakwa. Mawu amenewa sindinawanenepo kwa mphunzitsi, kwa dokotala, ngakhale kwa malemu mwamuna wanga, choncho muwasunge bwino, sadzabweranso. Zikomo chifukwa cha kiyi ija munaponya m'jombo. Zikomo chifukwa cha kandulo. Zikomo chifukwa cha mmawa uliwonse umene munatsika m'galimoto yofunda kukayenda m'chipale chofika m'chiuno, ife tikung'ung'udza mkati kuti mukutichedwetsa. Munanyamula amayi obereka, odula mitengo othyoka miyendo, nkhalamba zokana kutsika m'phiri, zidakwa zozizidwa, ndi madokotala asanu ndi anayi amene anabwera n'kupita. Onse amene analowa m'galimoto yanu, msewu sunatengepo ndi mmodzi yemwe. A meya, mukafuna chonena pa phwando lina, nenani chimenecho.

Titus, iwe ukutenga chiwongolero Lolemba, usamwetulire. Ndikudziwa unayendetsa malole ku Spain zaka khumi ndi zisanu, watiuza kokwanira. Kumeneko chipale umachionera pa kanema. Galimoto yatsopanoyi ili ndi batani la chithunzi cha chipale, ndipo ndamva a dokotala wamkulu akunena kuti masiku ano makina amadziwa okha, ndodo ipite kosungira zakale. Batanilo limadziwa tayala limene likuterera. Silidziwa ngati kutsogolo kuli mlatho. Tenga ndodoyo. Nea Ilarie ayeza kale mimba ya galimoto yako sabata yatha, ndinawaona atagwada pabwalo, ndipo asema malo atsopano. Tsiku lina namwino adzakukalipira, adzakutchula wamantha, adzakuuza za sukulu yake. Mwina adzakhala ine, ndatsala ndi zaka zitatu. Jombo uli nazo.

Ndipo dzina lija. Sindingalichotse m'kamwa mwanu, linamera mizu. Pitirizani kulitchula ngati mukufuna. Koma kuyambira lero muzilitchula mutavula chipewa.

Nea Ilarie, pitani mukapume. Mukadzuke dzuwa litakwera. Foni ikalira mmawa, muziisiya ilire. Chipale chikagwa, muzichionera pawindo, pambali pa mtsikana yemwe uja, poti pawindo pamenepo ndi pamene zonse zinayambira. Mudye anyezi wanu mwamtendere, tanti Parasca ndiwo adziwa chochita ndi fungolo. Mulungu akupatseni zaka zambiri, miyendo yolimba, ndi adzukulu omvera kuposa ine.

Tsopano imirirani nonse. A meya, inunso. Nyamulani matambula a kachasu wa zipatso za mapulamuyo, mumwe, muwaike pansi, muombe m'manja. Mwamphamvu, amve ndi a ku Runc.

Basi, khalani pansi. Kalata ya lero ija si masamba atatu. Ndi mizere iwiri, ndipo ndikuwerengerani.

Ife tinafika pa Izvor pa 11 Febuluwale 2003. Mlathowo unakokoloka ndi madzi pa 9 Novembala 2002.